Magetsi akathima musanaseve: mmene mungapezerenso zomwe mumalemba pa kompyuta



Teremu yapitayi, usiku wina titaswali Isha, ndinakhala pansi kutayipa mayeso a ana anga a Fomu 3. Pepalalo linkafunika kwa ahedi m'mawa mwake kuti likapulintidwe. Kuno kwathu kwa Jenala, m'boma la Phalombe, nyumba yanga imadalira sola, ndipo laputopu yomwe ndili nayo batire yake inatha kalekale, moti imagwira ntchito pokhapokha ili pa chaja. Tsiku limenelo kunachita mitambo kuyambira m'mawa, choncho batire ya sola sinadzadze. Ndinatayipa kwa maola awiri, mafunso ndi mayankho ake omwe. Ndili pa funso lomaliza, inveta inalira kamodzi, sikirini n'kuda bii. Apo n'kuti fayiloyo ndisanaipatse ngakhale dzina.

Kutacha, dzuwa litawomba pang'ono, ndinayatsa laputopu ija n'kutsegula Microsoft Word. Kumanzere kwa sikirini kunatuluka kabokosi kosonyeza fayilo imodzi yopanda dzina. Nditaidina, mayeso anga anabwera onse kupatula mafunso awiri omalizira. Alhamdulillah, pepala linafika kwa ahedi pa nthawi yake.

Mnzanga wina, mphunzitsi wa pa madrasa ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, sizinamuyendere chomwecho. Iye anatayipa mayina a ophunzira ake onse pamodzi ndi malikisi awo, ndipo potseka pulogalamu anadina batani lolakwika. Poganiza kuti zonse zapita, anangokhala chete. Anabwera kudzandifotokozera patatha sabata yathunthu. Titafufuza, tinapeza kuti kompyuta inamusungira ntchitoyo kwa masiku angapo kenaka n'kuifufuta. Akanabwera tsiku lachiwiri tikanaipeza.

Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka. Pa nkhani iyi ena amaoleka, koma kwa munthu yekhayo amene akudziwa poyang'ana ndiponso wachita changu. Ndalemba izi kuti aphunzitsi a m'madrasa, alembi a makomiti a mizikiti, ana athu a ku sekondale ndi ku koleji, ndi amayi ndi abambo olemba za malonda awo pa kompyuta adziwe chochita tsokali lisanawagwere, komanso likawagwera.

Bolodi ndi kope

Kuti timvetse chifukwa chomwe zolemba zimasowera, tiganizire za kalasi. Mphunzitsi amalemba pa bolodi, ophunzira amakopera m'makope. Zapabolodi sizikhalitsa, wina akabwera ndi chofufutira zimatha. Zam'kope zimapita kunyumba ndipo zimawerengedwa ngakhale chaka chamawa.

Kompyuta nayonso ili ndi bolodi ndi kope. Bolodi lake ndi kachipangizo kotchedwa RAM. Chilichonse chimene mukutayipa chimayamba chakhala pamenepo, chifukwa m'pamene kompyuta imalembapo ndi kufufutapo mwachangu. Vuto la RAM ndi lakuti imagwira zinthu pokhapokha magetsi alipo. Akangothima, ngakhale kwa kamphindi, bolodi lonse limayera. Kope lake ndi disiki ya m'kati mwa kompyuta, yomwe imasunga zinthu ngakhale makinawo atazimitsidwa kwa miyezi.

Kuseva ndiko kukopera zapabolodi kuziika m'kope. Kuona mawu anu pa sikirini si umboni wakuti asungidwa. Masamba khumi akhoza kuoneka bwinobwino pamaso panu pamene m'disiki mulibe ngakhale chilembo chimodzi. Ichi ndicho chimapusitsa ambiri amene angoyamba kumene kugwiritsa ntchito kompyuta, chifukwa tinazolowera pepala, pomwe cholembedwa chimakhala pomwepo.

Mwana wokopera wa kumbuyo kwa kalasi

Opanga Word anadziwa kuti anthu amaiwala kuseva, choncho anaikamo chinthu chotchedwa AutoRecover. Chili ngati mwana wakhala kumbuyo kwa kalasi ndi pepala lapadera. Pakatha mphindi khumi zilizonse, mwanayo amakopera zonse zapabolodi pa pepala lakelo, mwakachetechete, inu osadziwa. Mukamaliza bwino ntchito yanu, n'kuseva ndi kutseka, iye amataya pepala lake poti silikufunikanso. Koma magetsi akathima, kapena pulogalamu ikafa mwadzidzidzi, pepalalo limatsala, ndipo mukatsegulanso Word amakupatsani.

Pali mfundo zitatu zofunika kuzigwira apa. Yoyamba, mwanayo amakopera pa nthawi yoikika. Ngati simunasinthe kalikonse, Word imachita zimenezi pa mphindi 10 zilizonse. Zimene munalemba pambuyo pa kukopera komaliza sizibwerera. Ndicho chifukwa chake mafunso anga awiri omalizira anasowa. Yachiwiri, ngati mwalemba kwa mphindi zochepa kuposa nthawi yoikikayo magetsi n'kuthima, pamakhala palibe chomwe chakopedwa. Yachitatu, pepala la mwanayo ndi losiyana ndi fayilo yanu. Ndi kafayilo kena kobisika m'disiki, komwe dzina lake limathera ndi zilembo .asd, ndipo sikakhala mpaka kalekale. Mukakapeza muyenera kukaseva nokha ndi dzina lenileni.

Excel ndi PowerPoint nazonso zili ndi AutoRecover yogwira ntchito mofananamo. Choncho zimene ndikufotokoza pano zithandizanso amene amalemba malikisi kapena ndalama za chopereka mu Excel.

Magetsi athima kapena kompyuta yauma

Choyamba ndi kudekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito zambiri zimatayika pa nthawi iyi, munthu akamadina chilichonse chomwe chatuluka pa sikirini kuti chingochoka.

Ngati kompyuta yangouma, mbewa osayenda, dikirani kaye mphindi zingapo musanaizimitse. Nthawi zina imakhala yalemedwa chabe ndipo imatsitsimuka yokha. Ikatsitsimuka, sevani nthawi yomweyo.

Ngati yazima, iyatseni ndipo mutsegule Word yeniyeniyo musanachite china chilichonse. Kumanzere kutuluka kabokosi kolembedwa kuti Document Recovery. M'makompyuta ena mumayamba mwaona mawu akuti Show Recovered Files, amene muyenera kuwadina. M'kabokosimo mukhoza kupezamo mafayilo awiri kapena atatu a dzina limodzi. Yang'anani tsiku ndi nthawi zimene zalembedwa pansi pa iliyonse. Tsegulani ya nthawi yaposachedwa, pitani kumapeto kwake, muone ngati ndime zanu zomaliza zilimo. Mukakhutira, dinani File, kenaka Save As, muipatse dzina ndi kusankha foda yoti ikhalemo. Batani la F12 pa kiyibodi limakufikitsani pomwepo mwachidule.

Musatseke kabokosi kaja musanachite zimenezi. Mukafuna kukatseka pali mafayilo omwe simunawaseve, Word imakufunsani ngati mukufuna kudzawaonanso nthawi ina kapena awachotse. Mawuwo ndi a Chingerezi ndipo ndi ataliatali, choncho ambiri sawawerenga. Yankho loyamba ndi Yes limasunga mafayilowo, loyamba ndi No limawafufuta. Ngati mukukayika, sankhani loyamba ndi Yes.

Mwatseka nokha osaseva

Izi ndi zimene zinamuchitikira mnzanga uja. Potseka, Word imafunsa funso lokhala ndi mayankho atatu: Save, Don't Save ndi Cancel. Dzanja likathamanga limagwera pa Don't Save, ndipo tsamba limazimiririka. Pamenepa kabokosi ka Document Recovery sikatuluka, chifukwa kompyuta ikuona ngati mwatseka mwadala.

Kuyambira pa Word 2010 kubwera kuno, pali njira yobwezera. Tsegulani Word, dinani File, kenaka Info. Mupeza batani lolembedwa Manage Document, lomwe mu Word 2010 ndi 2013 limatchedwa Manage Versions. Mukalidina mutuluka mawu akuti Recover Unsaved Documents. Dinani amenewo. Itseguka foda yotchedwa UnsavedFiles, momwe muli zolemba zomwe zinatsekedwa zisanapatsidwe dzina. Mayina ake amaoneka achilendo, okhala ndi manambala ambirimbiri, koma inu yang'anani tsiku ndi nthawi. Tsegulani yomwe ikugwirizana ndi nthawi imene munkalemba, ndipo muiseve pomwepo. Mu Excel mawuwo ndi Recover Unsaved Workbooks, mu PowerPoint ndi Recover Unsaved Presentations.

Mafayilo a m'foda imeneyi amasungidwa kwa masiku anayi okha. Akatha masikuwo, pulogalamu imawachotsa yokha. Chonde musadikire Loweruka kuti mwana abwere kuchokera ku sukulu adzakuonereni. Tsatirani njirayi tsiku lomwelo, kapena imbirani foni wina wodziwa akutsogolereni.

Pali nthawi inanso pamene fayilo ili nalo kale dzina, munaiseva dzulo, lero mwawonjezeramo masamba awiri n'kutseka osaseva. Apa tsegulani fayilo yomweyo, dinani File ndi Info. Pafupi ndi Manage Document muona mzere wosonyeza nthawi, wokhala ndi mawu a Chingerezi onena kuti munatseka osaseva. Mukaudina, zolemba zanu za lero zibwera, ndipo pamwamba padzakhala batani la Restore. Ine ndimalangiza kuti m'malo modina Restore muyambe mwaiseva ndi dzina lina, kuti mukhale ndi zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano, mpaka mutatsimikiza.

Ngati muli ndi Word 2007 kapena yakale kuposa pamenepo, njira ya Recover Unsaved Documents mulibe. AutoRecover imakuthandizani pokhapokha kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Mukadina kuti musaseve, zapita. Makompyuta ambiri a kaunjika amene timagula amabwera ndi mapulogalamu akale, choncho dziwani kuti yanu ndi ya chaka chiti.

Kukasaka nokha

Nthawi zina kabokosi sikatuluka, ndipo foda ya UnsavedFiles imapezeka yopanda kanthu. Musataye mtima msanga. Tsegulani malo oonerapo mafoda a m'kompyuta, otchedwa File Explorer. Pa mzere wapamwamba, pomwe pamalembedwa dzina la foda, tayipani %AppData%\Microsoft\Word ndi kudina Enter. Mufika m'foda momwe Word imasungiramo mapepala a mwana wokopera uja. Yang'anani mafayilo othera ndi .asd, kuphatikizapo a m'timafoda ta m'katimo. Njira ina ndiyo kutayipa *.asd m'kabokosi kofufuzira ndi kuisiya kompyuta isake m'disiki yonse.

Fayilo yotereyi simaitsegula poidina kawiri monga mafayilo ena. Lowani mu Word, dinani File ndi Open, pitani kufoda ija, ndipo pa kabokosi kosankhira mtundu wa fayilo musankhe All Files kuti ioneke.

Mukhoza kuonanso timafayilo tina tomwe mayina ake amayamba ndi zizindikiro ~$ kenaka dzina la fayilo yanu. Ambiri amasangalala poganiza kuti apeza ntchito yawo. Timeneti ndi tizikwangwani chabe tosonyeza kuti fayilo ndi yotsegulidwa ndiponso waitsegula ndani. Mulibe zolemba zanu.

Pomaliza, magetsi akathima pa nthawi imene kompyuta ikuseva, fayilo ikhoza kuwonongeka n'kumakana kutseguka. Mu Word, dinani File ndi Open, sankhani fayiloyo kamodzi, ndipo pa kamuvi ka pambali pa batani la Open musankhe Open and Repair. Sizitheka nthawi zonse, koma ndi bwino kuyesa musanayambe kutayipa mwatsopano. Musanayese, koperani fayilo yowonongekayo pamalo ena kuti mukhale ndi yoyeserapo.

Konzani lero, zinthu zili bwino

Zonse ndafotokozazi zimadalira kuti AutoRecover ikhale yoyatsa. Pa kompyuta ya kaunjika kapena yobwereka, simungadziwe zimene mwini wake woyamba anasintha. Kuonetsetsa kumatenga mphindi ziwiri.

Mu Word dinani File, kenaka Options, kenaka Save. Mu Word 2007 mumayambira pa batani lozungulira la pakona yakumanzere ndi kudina Word Options. Muona mzere woyamba ndi mawu akuti Save AutoRecover information every, wokhala ndi kabokosi ka nambala. Onetsetsani kuti mzerewo wachongedwa. Nambala 10 ija isintheni ikhale 3 kapena 2. Kwa ife amene magetsi athu ndi osadalirika, mphindi khumi ndi zambiri, munthu wotayipa mwachangu amakhala atalemba theka la tsamba. Ngati kompyuta yanu ndi yofooka ndipo fayilo ili ndi zithunzi zambiri, ikani 5 kuti isamadodome pafupipafupi.

Pansi pa mzere umenewo pali wina woyamba ndi mawu akuti Keep the last. Umenewu ndi umene umapulumutsa munthu amene watseka osaseva. Nawonso uchongedwe. Mukatero dinani OK. Kumbukirani kuti Excel ndi PowerPoint zili ndi makonzedwe akeake, choncho mukachite chimodzimodzi m'menemo.

Pali chinanso chothandiza. Mu Options momwemo dinani Advanced, tsikani mpaka pa gawo la Save, ndipo muchonge Always create backup copy. Mukatero, nthawi iliyonse mukaseva, Word imasunga fayilo ya m'mbuyo mwake pambali, m'foda yomweyo, ndi dzina loyamba ndi Backup of, lothera ndi .wbk. Izi zimathandiza pamene mwafufuta ndime yofunika n'kuseva musanazindikire.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi chizolowezi cha dzanja lanu. Musanalembe ngakhale Bismillah pamwamba pa tsamba, ipatseni fayilo dzina. Ndipo pakutha pa ndime iliyonse, kapena funso lililonse la mayeso, gwirani batani la Ctrl ndi kudina S. Sizitenga ngakhale sekondi imodzi. Ana anga a ku sekondale ndimawauza kuti adhana ikamveka, kapena wina akagogoda pakhomo, chala chiyambe chafika pa Ctrl ndi S asanadzuke pampando.

Dzina la fayilo likhalenso lomveka. Mafayilo khumi otchedwa Document1 kapena Mayeso sathandiza pofufuza. Lembani kalasi, phunziro, teremu ndi chaka, kuti ngakhale mnzanu atsegule kompyutayo inu mutadwala, apeze chimene akufuna.

AutoSave si AutoRecover

Amene ali ndi Word yatsopano ya Microsoft 365 aona kabatani pakona yapamwamba kumanzere kolembedwa AutoSave. Mayinawa amafanana, koma ntchito zake n'zosiyana. AutoRecover imasunga kapepala kapadera m'kompyuta mwanu. AutoSave imaseva fayilo yeniyeniyo pa masekondi ochepa alionse, ndipo imagwira ntchito pa mafayilo okhawo amene ali pa OneDrive kapena SharePoint, omwe ndi malo osungirako zinthu pa intaneti a kampani ya Microsoft. Ngati fayilo ili m'disiki mwanu kapena pa fulashi, kabatani kameneko sikagwira.

AutoSave ndi yabwino kwa amene ali ndi intaneti yodalirika, koma ili ndi msampha wake. Ambiri a ife timatenga mayeso a chaka chatha, kapena kalata yakale ya komiti, n'kusintha mawu ena, kenaka n'kuseva ndi dzina latsopano. AutoSave ikakhala yoyatsa, zimene mukusinthazo zimalowa m'fayilo yakaleyo nthawi yomweyo, musanafike poipatsa dzina lina. Mukatero mayeso a chaka chatha mwawawononga. Choncho yambani ndi kudina Save a Copy, ndipo musinthe pa yokoperayo. Zikachitika kale, dinani File, Info ndi Version History, muona mmene fayiloyo inalili pa masiku ndi nthawi zosiyanasiyana, ndipo mukhoza kubwezeretsa yakale.

Olemba pa foni ndi pa mapulogalamu ena

Achinyamata ambiri masiku ano amalemba pa foni. Google Docs ilibe batani loseva, chifukwa imaseva yokha pamene mukulemba, ndipo zolembazo zimakhala pa akaunti yanu ya Google. Foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, mukalowa pa akaunti yomweyo ndi foni ina mumazipeza. Imasunganso mbiri ya zosintha zonse, yomwe imaoneka bwino mukatsegula pa kompyuta, pa File ndi Version history. Koma dziwani kuti zimene mwalemba netiweki kulibe, kapena bandulo itatha, zimakhala m'foni momwemo mpaka italumikizidwanso. Mukalemba chinthu chofunika, yatsani data kwa kamphindi kuti chikwere. Ndiponso nambala yachinsinsi ya akaunti yanu muidziwe nokha. Ambiri anawatsegulira akaunti ndi wogulitsa mafoni kumsika, ndipo foni ikasowa sadziwa polowera.

Ena ali ndi LibreOffice, pulogalamu yaulere yomwe imagwira ntchito ngati Word. M'menemo dinani Tools, Options, Load/Save ndi General. Muona mzere wa Save AutoRecovery information ndi wa Always create backup copy. Chongani yonse iwiri ndi kuchepetsa mphindi. Ikazima mwadzidzidzi, poitsegulanso imakufunsani ngati mukufuna kubweza zolemba zanu, ndipo inu muvomere.

Fulashi ndi kompyuta ya eni

Ambiri kuno tilibe makina opulintira, choncho timanyamula ntchito pa fulashi kupita nayo ku Migowi kapena pa boma. Langizo langa ndi lakuti musamalembe mwachindunji pa fayilo yomwe ili pa fulashi. Fulashi ikagwedezeka pang'ono pamene kompyuta ikuseva, fayilo imawonongeka. Koperani fayiloyo m'kompyuta, gwirani ntchito pamenepo, mukamaliza muibwezere pa fulashi. Pochotsa fulashi, yambani mwaiuza kompyuta podina Eject. Fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri imatolanso mavairasi, ndipo ena amabisa mafayilo anu n'kusiya tizithunzi tonamizira. Mukaona zotero musafulumire kuifufuta yonse, kawirikawiri mafayilowo amakhala alimo ndipo wodziwa akhoza kuwaonetsa.

Mukalembera pa kompyuta ya pamalo olipira, dziwani zinthu ziwiri. Makompyuta ena otere anaikidwa pulogalamu yomwe imafufuta chilichonse chatsopano akangoyatsidwanso, choncho magetsi akathima AutoRecover singakupulumutseni. Sevani pafupipafupi ndi kukopera pa fulashi yanu. Chachiwiri chikukhudza amana. Njira zomwezi zimene zimakubwezerani ntchito yanu zikhoza kuonetsa munthu wina zimene munalemba. Ngati mwatayipa mayeso, mayina a ana amasiye olandira thandizo, kapena kalata yokhudza banja la eni, n'kutseka osaseva poganiza kuti mwafufuta, wobwera pambuyo panu akhoza kuzipeza mu Recover Unsaved Documents kwa masiku anayi aja. Musanachoke, lowani m'foda imeneyo, fufutani fayilo yanu, ndipo muichotsenso mu Recycle Bin. Zinthu zachinsinsi kwambiri ndi bwino kusazilembera pa kompyuta ya anthu ambiri.

Zimene AutoRecover singathe

Pepala la mwana wokopera uja limakhala m'kompyuta momwemo. Kompyutayo ikabedwa, disiki yake ikafa, kapena ikanyowa, pepalalo limapita nayo limodzi.

Ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa za zimenezi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Limenelo ndi vuto lomwe AutoRecover ndi Ctrl ndi S zimathandizapo. Koma mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy, amene madzi ndi matope ake anatenga abale athu, nyumba ndi katundu kuno ku Phalombe, ku Mulanje, ku Blantyre ndi madera ena. Allah awachitire chifundo amene anatisiya. Amene anapulumuka anapeza kuti mabuku, ziphaso ndi makina zomwe zinali m'nyumba imodzi zinapita pamodzi.

Choncho chinthu chofunika chisakhale pamalo amodzi. Kaundula wa ophunzira, malikisi, ndondomeko ya ndalama za mzikiti, zolemba za mwana wa ku koleji zomwe wazivutikira chaka chonse, zikhale m'kompyuta, pa fulashi yosungidwa nyumba ina, ndiponso pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ya OneDrive 5 GB. Fayilo ya mawu okhaokha nthawi zambiri imachepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni, choncho sidya bandulo yambiri. Ngati zimenezo zikukuvutani, dzitumizireni fayiloyo pa imelo yanu kumapeto kwa sabata iliyonse. Sankhani tsiku limodzi losaiwalika. Ine ndinasankha Lachisanu ndikabwera ku Jumu'ah.

Za magetsi, laputopu ya batire yamoyo imadziteteza yokha, chifukwa magetsi akathima imapitiriza kuyaka. Kompyuta ya patebulo ilibe batire, choncho sukulu kapena ofesi yomwe ingakwanitse igule kabokosi kotchedwa UPS, komwe kamaigwira kwa mphindi zochepa zokwanira kuseva ndi kuzimitsa bwino. Ogwiritsa ntchito sola ngati ine, ntchito yaikulu tiziigwira masana batire ikadali ndi mphamvu.

Yesani musanafune

Pempho langa kwa makolo ndi aphunzitsi ndi ili. Lero lomwe, tsegulani Word, konzani mphindi zija, ndipo muyeserere. Tayipani ndime iliyonse yopanda ntchito, dikirani mphindi zisanu, tsekani ndi kudina Don't Save, kenaka muitsate kudzera mu File, Info ndi Recover Unsaved Documents. Mukaipeza kamodzi mtima uli m'malo, simudzasokonezeka tsiku limene idzakhale ntchito yeniyeni. Mukatero muonetseni mwana wanu, mlembi wa komiti yanu, ndi mphunzitsi mnzanu wa ku madrasa.

Mnzanga uja anatayipanso mayina ndi malikisi onse kuchokera m'makope, usiku uwiri wathunthu. Tsopano kompyuta yake imakopera pa mphindi zitatu zilizonse, ndipo kaundula wake ali malo atatu. Sabata yatha ndi iye amene anamutsogolera pa foni mlembi wa mzikiti wa kwawo kubweza kalata yomwe anaitseka osaseva.

Allah atipatse kudziwa kopindulitsa ndipo adalitse ntchito za manja athu. Wassalamu alaikum warahmatullah.